Kutsitsa Mzime

Kasetilaiti kathu tinakatcha Mzime, poti ndi komaliza komwe a Waya anapanga ndi manja awo. A Waya ndi mkulu wathu pantchito, bambo wouma mutu amene amamvana ndi makina kuposa anthu.

Mzime alibe injini, alibe mafuta. Amangokoka waya wautali ngati mchira. Tikadutsitsa magetsi m'wayamo, mphamvu ya maginito ya dziko lapansi imamukankha pang'onopang'ono n'kumukweza m'njira yake yozungulira dziko. Tikatembenuza magetsiwo, amatsika. Zaka zonsezi a Waya ankangomukweza basi.

Tsopano batire lake linali litatopa. Likanafa iye ali m'mwamba, akanasanduka chinyalala chowomba masetilaiti a eni. Tinayenera kumutsitsa adakali kutimvera, kuti akapsere mumpweya asanavulaze aliyense.

M'mawa wina ndinawapeza a Waya atakhala pa kompyuta, tiyi atazizira pambali. Batani lotsitsira linali lomatidwabe ndi tepi imene anaikapo kale kuti munthu asalikhudze mwangozi.

"Bambo, nthawi yakwana."

"Mawa, mayi. Taonani, akuyankha bwinobwino."

"Dzulonso munati mawa. Paja Zengerezu adalinda kwawukwawu."

Ndinali nditakwiya, osanama. Koma nditawaona akusisita tepiyo ndi chala, mkwiyo wonse unatha, ndipo ndinawamvera chisoni.

"Ine mwanayu ndinangomuphunzitsa kukwera," anatero chapansipansi. "Kutsikaku sakukudziwa."

Ndinakoka mpando n'kukhala pafupi nawo. "Sagwa ayi, bambo. Maginito omwe ankamunyamula aja ndi omwewo amutsitse. Atenga miyezi, pang'onopang'ono, ngati kutsitsa mwana wogona kumsana."

Zonsezo ankazidziwa kuposa ine, paja anandiphunzitsa ndi iwo omwe. Ankangofuna kuzimva pakamwa pa munthu wina.

Anamatula tepi ija mosamala, n'kudina batani. Palibe chinalira. Patapita kanthawi, nambala yosonyeza kutalika kwa pamene Mzime anali kuchokera padziko inatsika pang'ono, moti wosaidziwa sakanaona kusintha.

A Waya anavula magalasi n'kumawapukuta ndi malaya nthawi yaitali, ngakhale anali oyera kale.

"Mwezi uno ndikupuma pantchito, mayi. Koma mpando wangawu musauchotse kaye."

"Mufuna muutenge?"

"Ayi. Ndizibwera m'mawa uliwonse kudzamuperekeza. Asatsike yekha."