Chitseko cha ku Bafa

Lachiwiri m'mawa fayilo inakana kutseguka kachitatu. Ndinadina, kompyuta inang'ung'udza monga mwa nthawi zonse, kenako kabokosi kanatulukira pa sikirini kundiuza mwaulemu kuti pulaniyi inajambulidwa ndi pulogalamu yatsopano kuposa yanga. Ndinangokayang'ana. Ndinali nditatopa mpaka m'mafupa, ndipo ngakhale mphamvu yotukwana makina inali itandithera.

Ntchito yanga ndi yojambula mapulani a nyumba. Ndinayamba ndi pensulo ndi lula, ndipo pulogalamu imene ndili nayoyi ndagwira nayo ntchito zaka khumi ndi zisanu. Yatsopanoyo kompyuta yanga singainyamule, ndipo kunena zoona, mutu wanganso sungainyamule. Makasitomala akanditumizira mafayilo amakono ndimawapempha kuti awasunge mwachikale, iwo n'kumandiseka, ine n'kungomeza malovu. Koma pulani iyi sinali ya kasitomala.

Mkazi wanga anali m'chipatala mwezi wachiwiri. Sitiroko inamulanda mwendo ndi dzanja lamanzere, koma pakamwa inamusiyira. Madokotala anati adzatuluka pa njinga ya olumala. Za mwendo sanalire nazo. Chimene chinkamudya mtima n'kunyamulidwa ndi anamwino popita kuchimbudzi.

"Bambo ake," anandiuza tsiku lina, "kunyumbako ndikadya chilichonse, ndikagona paliponse. Koma kuchimbudzi ndizikapita ndekha. Munthu asadzandinyamulenso ngati thumba la chimanga."

Ndiye tinaganiza zowonjezera chipinda kuseri kwa nyumba, chokhala ndi bafa ndi chimbudzi momwemo. Mwana wathu wamkazi, amene timangomutchula kuti Injiniya chimalizireni sukulu, amagwira ntchito pa kampani yaikulu kutali ndi kuno. Anati pulaniyo ajambula yekha poti malamulo omangira anthu a pa njinga amawadziwa. Womanga anali mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga.

Ndinamuimbira foni mwana wathuyo.

"Injiniya, fayilo yako ija yakananso."

"Adadi, dzulo ndinaisunga mwachikale."

"Chikale chako sichinafike pa chikale changa. Bwereranso m'mbuyo."

Ndinamumva akupuma mozama. "Ndili mu msonkhano, ndituluka pompano. Koma bwanji ndingokutumizirani ya chithunzi, inu mungosindikiza basi?"

"Chithunzi? Wandiyesa wopanda manja? Ndikufuna ndilembemo miyezo momwe amalume ako amawerengera."

"Chabwino. Koma ikatseguka mundiimbire. Pali zinthu zina zimasowa ndikaibweza m'mbuyo chonchi."

Masana fayilo ina inafika, ndipo ulendo uno inatseguka. Makoma analipo, mapaipi analipo, kamsewu kotsetsereka kokwerera njinga pakhonde kanaliponso. Koma zitseko ndi mawindo kunalibe. Pulogalamu yatsopano imajambula chitseko pamodzi ndi mpata wake ndi miyezo yake, zonse chinthu chimodzi, ndipo yanga yakaleyo chinthu chimenecho sichidziwa. Makoma anabwera athunthu, ndipo paliponse pamene panayenera kukhala chitseko panali kabokosi kopanda kanthu, tonse tofanana kukula.

Ndinatola foni, n'kuibwezanso pa tebulo. Masiku awiri ndinali nditamuimbira kanayi, ndipo mawu ake anali atayamba kufewa mwa mtundu uja umene munthu amalankhulira ndi nkhalamba yosamva. Zinandichititsa manyazi, ndipo manyaziwo anasanduka ukali. Nthawi yoona odwala inali itayandikira, mlamu akudikira ndi njerwa pabwalo. Ine wa zaka makumi atatu pa ntchito ndikafunse mwana wanga za zitseko?

Ndinazijambula ndekha. Chakunja ndinakumbukira njinga, ndinachipatsa masentimita 90. Cha kuchipinda, 90. Mawindo awiri. Pofika pa bafa, dzanja linangochita zimene lachita moyo wake wonse. Chitseko cha ku bafa chimakhala chaching'ono, masentimita 70, aliyense wa ntchito yathu amajambula choncho ngakhale ali m'tulo. Sindinaganize n'komwe. Ndinasindikiza, kupinda pepala, kulipereka kwa mlamu, n'kuthamangira basi ya kuchipatala.

Mlamu wanga ali ndi khalidwe limodzi: amamanga zimene zili papepala. Khalidwe limeneli ndinamuphunzitsa ndine, zaka zapitazo, pamene anasuntha windo la kasitomala mwa nzeru zake ndipo ndinamulalatira pamaso pa anthu. Chiyambire tsiku limenelo safunsa. Milungu itatu anaika njerwa, pulasitala, matailosi. Ine ndinkafika kuchokera kuchipatala nditatopa, kusuzumira, kuyamikira fungo la penti, n'kukakhala pansi. M'bafamo ndinalowa ndi kutuluka kangapo. Munthu woyenda ndi miyendo iwiri amakwana bwinobwino.

Mkazi wanga anamutulutsa m'chipatala Lachisanu masana. Pakhonde anakana kuti timukankhe. Ndi dzanja lamanja pa tayala ndi phazi lamanja pansi, anakwera kamsewu kaja yekha, thukuta lili kamukamu, akuseka.

"Achimwene, mwamanga ngati munthu ulendo uno," anauza mlamu.

"Ndimayesetsa, achemwali."

Analowa m'chipinda, anazungulira bedi, anagwira katani. Kenako anati tim'patse mpata, ulendo wa pa galimoto unali wautali. Analunjika ku bafa.

Matayala anagunda felemu ya chitseko mbali zonse ziwiri. Anabwerera m'mbuyo, kuwongola njinga, kuyesanso. Gu! Anayesa kachitatu mopendeka, ndipo anangokalika chala pa felemu.

Mlamu anatulutsa tepi yoyezera m'thumba. Njinga inali masentimita 68. Mpata wa pakati pa felemu unali 64. Zala ziwiri zokha.

"Alamu," anatero chapansipansi, "ine ndinamanga za papepala."

Foni yanga inalira. Anali Injiniya, ndipo mkazi wanga anati ndikweze mawu kuti amve mwana wake.

"Amayi mwafika? Mwachiona chitseko cha ku bafa? Ndinaika chokankhira m'mbali, cha mita yathunthu, kuti musamavutike ndi dzanja limodzi. Chikuyenda bwino?"

Tonse tinayang'ana felemu ija.

"Adadi? Simunandiimbire tsiku lija, ndiye ndinangoti zonse zinatuluka."

"Tikuimbira, mwanangu," anatero mayi ake, ndipo ine ndinadula foni.

Mlamu anayamba kufotokoza kuti khomalo likhoza kugumulidwa, koma paipi ya madzi anaidutsitsa momwemo m'mbali mwa felemu, ndiye pafunika kuisuntha, kuchotsa matailosi, kudikira simenti iume. Mwina sabata ndi theka. Ankalankhula akuyang'ana tepi yake. Ine ndinafuna kupepesa, koma mawu onse amene ndinali nawo anali aang'ono.

Mkazi wanga sanandikalipire. Zikanakhala bwino akanatero, poti kukalipa amakutha. Anauza mchimwene wake kuti atuluke atseke chitseko. Titatsala awiri, anakweza dzanja lake labwino lija kuti ndiwerame aligwiritse m'khosi mwanga.

"Bwerani, bambo ake. Sabata ndi theka sindingadikire."

Ndinamunyamula. Anali atapepuka kwambiri, ndipo nkhope anaitembenuzira kukhoma.