Mpunga wa Kuseri kwa Tikiti

Sindikhalitsa malo amodzi. Ndimagulitsa machaja a foni, lero tauni ino, mawa ina. Chakudya chikandikomera m'lesitilanti, ndimafunsa wophika kaphikidwe kake, n'kulemba kuseri kwa tikiti ya basi. Matikiti adzaza chikwama. Koma poto sindinamugwirepo.

Loweruka ndinafikira kwa achemwali anga, anamwino. Ndinawapeza nkhope ili yakugwa.

"Mawa masana kukubwera apongozi," anatero. "Aja amati mwana wawo ndikumuwondetsa ndi tiyi. Ine ndiweruka mochedwa. Ndiphika nthawi yanji?"

"Musadandaule, ndilipo," ndinatero, uku ndikusisita chikwama.

M'mawa ndinasankha matikiti atatu. Mpunga wa karoti ndi anyezi. Kabichi wothira viniga. Chakumwa cha mandimu ndi jinja. Tikiti ya mpunga inati makapu makumi anayi. Amene anandiuza anali wophikira antchito a pafakitale, koma zimenezo ndinali nditaiwala. Ndinangoona kuti achuluka. Ndinathira theka, n'kudzitama nzeru.

Sindinkadziwa kuti mpunga umafufuma.

Chivundikiro chinadzuka chokha. Ndinapungulira m'poto wachiwiri. Anadzaza. Wachitatu. Ketulo. Kenako beseni lochapiramo zovala. Mpunga pachitofu, mpunga pansi, mpunga m'nsapato zanga.

Achemwali analowa, makiyi n'kuwagwa m'manja.

"Mayo ine! Iwe, waitana mpingo?"

Ndisanayankhe, kunja kunamveka odi. Alamu analowa, mayi awo pambuyo. Mayiwo sanakhale n'komwe pampando. Analondola fungo mpaka kukhitchini. Anaima pakhomo, dzanja pakamwa. Anayang'ana beseni. Anayang'ana achemwali.

"Kodi pano pagwa zovuta osatiuza?"

Achemwali anatembenukira kwa ine. Ndinatulutsa tikiti ija.

"Wolakwa ndine, mayi. Achemwali anali kuntchito."

Mayiwo anaiwerenga ataitalikitsa ndi maso.

"Bambo, uwu ndi muyezo wa anthu zana! Ine ndaphikira ana a sukulu yogonera konko zaka makumi awiri. Zoterezi sindinazionepo."

Anavula wotchi, n'kupatsira mwana wawo.

"Apongozi, mazira alipo? Mkaka?"

"Alipo, mayi."

"Wam'poto uyu tikazinga ndi mazira. Uyu tithira mkaka ndi shuga. Wam'beseniwu nkhuku za aneba zidalitsike."

Ine anandipatsa tsache.

Ndikusesa, ndinawaona akulawa supu wa nyemba amene achemwali anaphika dzulo lake. Analawanso kachiwiri.

"Waphika ndani uyu?"

"Ndine, mayi."

Anatembenukira alamu. "Ndiye iwe ukuwonda ndi chiyani? Mtima woipa?"

Achemwali anaseka misozi ili mbwe.

Patebulo, mayiwo anamwa chakumwa changa cha mandimu. Anatsinzina, nkhope yonse makwinya okhaokha. Shuga ndinali nditaiwala.

"Mwana wanga," anatero kwa achemwali, "mlongo wakoyu basi yake inyamuka liti?"