Tiyi wa Alendo Akumwamba

Aizere anali atamasula kale nati imodzi yomangira wailesi pamene chitseko cha kanyumba ka wailesiyo chinatseguka. Analowa mlongo wake Nurdaulet, sipanala ili m'manja. Anayang'anizana.

"Akutumani a kampani yanu, achemwali?"

"Nanga inu achimwene, sipanalayo mukukakonzera manda?"

Bambo awo, a Tolegen, anaikidwa dzana. Chiimireni chombo cha alendo akumwamba kuseri kwa mwezi, alendowo sankayankha munthu wina aliyense koma mkuluyu, pa wailesi yake yakale ya m'chipululu muno. Makampani awiri a mumzinda wa Astana ankailimbirana wailesiyo. Ina inalemba ntchito Aizere, ina Nurdaulet, ndipo onse awiri ankadziwa kuti sanalembedwe chifukwa cha nzeru zawo.

"Taisiyani, ndine wamkulu," anatero Nurdaulet.

"Ukulu umenewo unali kuti pamene bambo ankadwala?"

"Inu munabwera?"

Nthawi yomweyo wailesi inatsokomola, ndipo munamveka mawu a bambo awo, osasa pang'ono monga m'mawa uliwonse. Alendowo anaphunzira kulankhula potsanzira iwo.

"Mwadzuka bwanji kumeneko? Ziweto zili bwino? Nanga ana?"

Sipanala ya Nurdaulet inagwa pansi.

"Akhala akufunsa choncho chimwalirireni," anatero mayi awo, a Raushan, ali pakhomo ndi ketulo. Maso awo anaima pa nati ija. "Pitirizani, ana anga. Mukamaliza mukazulenso denga."

"Amayi, sitimafuna..."

"Bambo anu ankawayankha kuti ana ali bwino, angotanganidwa. Tsiku ndi tsiku. Tsopano wina awauze kuti mnzawo wapita. Ine mawu akundikanika."

Nurdaulet anavula chipewa n'kumachipinda m'manja, maso ali pansi. Aizere anabwezera nati ija pamalo pake, koma inangolowa mopendekeka. Anakhala pampando wa bambo ake, nakokera kufupi cholankhulira.

"Dikira," anatero mayi ake.

Anatenga kambale pashelefu, napukuta fumbi ndi nsonga ya mpango wawo wamaliro. Anathiramo mkaka, kenaka tiyi pang'ono, osadzaza, monga achitira kwa mlendo amene safuna kuti anyamuke msanga. Anakaika patsogolo pa wailesi.

"Bambo ako sanalankhulepo nawo asanawathirire tiyi. Ankati anthu achokera kutali. Yamba tsopano."