Mitu Inayi ya Manachesi

Kwa zaka khumi ndi chimodzi, bambo Hyeon Deok-su ankalemba tsiku lililonse pa webusayiti ya munda wawo wa manachesi ku Seogwipo. Zolemba zake zinali zazifupi ngati mchira wa mbuzi: "Mphepo yachokera kunyanja. Mtengo wa pafupi ndi mpanda wamiyala wachita maluwa. Mayi ake a Mi-ran akuti ndadulira mopitirira muyeso." Basi. M'mawa mwake ankalembanso zina zotero.

Mayiwo atamwalira, mwana wawo Mi-ran anabwerako ku Seoul kudzayendetsa malonda. Anapeza kuti munthu akafufuza manachesi pa intaneti, munda wawo sunkaoneka n'komwe. Anaitana Bu Jae-won, mng'ono wa mnzake wa kusukulu, yemwe ntchito yake inali yokonza mawebusayiti.

"Achemwali, apa ndiye pali chipwirikiti," anatero Jae-won akusenda nachesi lachitatu lomwe sanapatsidwe. "Timasamba zikwi zinayi, kalikonse mizere itatu! Makina ofufuzira aja akusokonezeka, sakudziwa kuti pano nkhani yake n'chiyani. Timange masamba akuluakulu anayi: kudzala, kudulira, matenda, kukolola. Zothandiza tizitolere pansi pa mitu imeneyi, zizilozerana. Zotsalazo ndi zinyalala."

"Nanga izi zonena za mphepo ndi za amayi?"

"Ndani amafufuza kuti amayi anu ananena chiyani Lachiwiri?"

Anaseka onse awiri. Kuseka kumeneko Mi-ran amakukumbukirabe, ndipo kumamuwawa mpaka lero.

Kunena zoona, Jae-won anafunsa asanafufute. "Tisungeko kope pambali?"

"La chiyani iwe? Bambo ali apa, zonse zili m'mutu mwawo. Fufuta tizipita kukadya."

Nzeruyo inagwira ntchito, palibe angatsutse. Pasanathe chaka, munda wawo unkaoneka pamwamba anthu akafufuza, ndipo mabokosi a manachesi ankapita ku Busan ndi ku Daegu mlungu uliwonse. Mi-ran ankayenda mothimbwidzika, akudziona wochenjera kuposa alimi onse a m'deralo.

Koma mutu uja ankaudalirawo unayamba kutaya zinthu. Poyamba bambo Hyeon ankaiwala pomwe aika mkasi wodulira. Kenako anaiwala njira yopita kumunda womwe anaulima zaka makumi anayi. Adokotala anauza Mi-ran kuti aziwawerengera zinthu zawo zakale, makamaka zomwe analemba okha, chifukwa mawu a munthu mwini nthawi zina amatsegula pomwe patsekeka.

Masana ena atakhala pakhonde, bambowo anamukoka dzanja.

"Mwanawe, tandiwerengera za tsiku lija mayi ako anagwa pamakwerero pokolola, n'kumangoseka ali chagada. Ndinalemba ine. Nkhope yake ikundithawa."

Mi-ran anazungulira kuseri kwa nyumba n'kuimbira Jae-won.

"Pepani achemwali," anayankha Jae-won motsitsa. "Zofufutidwa amazisunga masiku makumi atatu okha. Papita zaka ziwiri."

Mi-ran anatsamira mpanda, manyazi ndi chisoni zitamugwira. Palibe yemwe anamubera. Anataya yekha, ndi pakamwa pake, chifukwa chothamangira chakudya chamasana.

Anabwerera pakhonde, n'kutsegula tsamba lalikulu la kukolola. Anawerenga pang'onopang'ono za mtundu wa khungu la chipatso chakupsa, za kadulidwe ka phesi, za kaimikidwe ka makwerero kuti munthu asagwe. Zonse zinali zoona, zosanjika bwino. Bambo Hyeon anamvetsera mpaka kumapeto, mutu uli chopendekera.

"Walemba ndani zimenezi?"

"Ndi zanu, bambo. Tinangozisanja bwino."

Nkhalambayo inapukusa mutu, maso ali kumtengo wa pafupi ndi mpanda.

"Ayi, si ine. Munthu ameneyu manachesi akuwadziwa ndithu. Koma analibe mkazi."