Matabwa Ofiira

Nkhaniyi anandiuza ndi munthu wina wogulitsa penti, tsiku limene mvula inanditsekereza pakhonde la sitolo yake. Ndayenda malo ambiri ndipo ndamva zambiri, koma iyi inandikanirira ngati mnofu m'mano.

Akuti panali patapita masiku atatu chiikireni maliro a kalipentala wina. Mkazi wake anali pampando wa pazenera, akulimbana ndi batani la bulauzi. Zala zinkaligwira koma osalimva. Chimalizireni mankhwala a khansa chaka chapitacho, zala ndi mapazi ake zinali zadzanzi, ngati zobwereka. Mkono wamanzere, mbali imene madokotala anachotsa bere, unkatupa mpaka kunyezimira, ndipo unkalemera ngati ndowa ya madzi. Ankausanjika pa kathabwa kamene mwamuna wake anakhomera pampandopo. Munali zinthu zingapo zotere m'nyumbamo: chopondera pakhomo, kabenchi kubafa, ndi thabwa lalitali kukhoma la kanjira kochokera kuchipinda, lomwe ankatsamirapo chigongono poyenda. Zonse malemu anazipaka penti wabuluu wokhuthala. Mayiyo ankadandaula kuti mtunduwo ukumukumbutsa kuchipatala, koma bamboyo ankangoti penti ndi penti.

Alamu ake analowa osapempha odi. Patsogolo panali mkulu wake wa malemu, dalaivala wa lole, pambuyo pake mlongo wawo, wogulitsa zovala mumsika. Awiriwa ndi amene anamupatsa mayiyo dzina loti Kanamanda, chifukwa atamusiya kuchipatala kuti basi zatha, iye anadzuka n'kubwerera kunyumba. Poyamba ankalitchula moseka. Chigwereni mng'ono wawo pabenchi ya ntchito, chopalira matabwa chili m'manja, kusekako kunatha.

"Alamu, tabwerera matabwa," anatero dalaivala, ali chiimire.

Mayiyo anawauza kuti akayang'ane kuseri kumene malemu ankagwirira ntchito. Dalaivala anati kumeneko anagudubuza kale chilichonse tsiku la imfa lomwelo. Ankafuna matabwa asanu ndi limodzi, ofiira, olimba, ouma bwino, amene iye mwini anawanyamula pa lole kuchokera kutali. Sanapeze ngakhale chidutswa. N'chifukwa chake munthu amene anakhomera anthu zitseko zaka makumi awiri anamuika m'bokosi logula, lopyapyala, lomwe pansi pake panapindika pamene ankalinyamula. Anthu anaona, ndipo ena anabisa pakamwa.

"Munagulitsa," anatero mlongoyo. "Matenda anu aja anadya njinga, anadya makina ochekera, kenako adya ndi mwini wake. Matabwa akanatsala bwanji?"

"Matabwawo anali a chiyani?" anafunsa mayiyo.

Dalaivala anayang'ana kudenga. Mlongo wake ndiye anayankha, mosazengereza, ngati akutchula mtengo wa siketi.

"Anali anu, a Kanamanda. A bokosi lanu."

Batani lija linamupulumuka mayiyo. Anakumbukira mwezi umene sankatha ngakhale kudzutsa mutu, tsitsi litathothoka, chilichonse m'kamwa chikukoma ngati chitsulo. Mwamuna wake ankabwera kuchipatala masana aliwonse akununkhira utuchi, n'kumamuuza kuti afulumire kuchira chifukwa iye kuchapa makatani kwamukanika. Kani pamene ankanena zimenezo, matabwa anali akuuma kuseri kwa nyumba? Mkwiyo unamugwira. Sunali wa anthu awiri amene anaima pamaso pake, koma wa munthu amene sakanathanso kumufunsa.

Dalaivala anapitiriza. Anati lole ili panja, ndipo iye sangayende wopanda kanthu. Ngati matabwa palibe, atenga zida zonse ndi bedi. Anakumbutsanso kuti nyumbayo inamangidwa pamalo a bambo awo, choncho pofika kumapeto kwa mwezi alamu akhale atapeza kolowera. Mlongoyo anawonjezera kuti munthu wokana manda sangalephere kupeza chipinda.

"Tengani," anatero mayiyo. 

Anayamba ndi zida. Kenako analowa kuchipinda, n'kutaya matiresi pansi, n'kukweza bedi chammbali. Pakanjira paja bedi linakanirira. Anayesa uku, anayesa uko, mlongo akudzudzula mchimwene wake kuti akunyamula ngati nkhalamba, koma thabwa labuluu la kukhoma linatsekereza mwendo wa bedi. Dalaivala anatukwana, anapita ku lole, n'kubwerako ndi chitsulo chochotsera matayala.

Mayiyo anadzuka pang'onopang'ono, akuyang'ana mapazi ake kuti adziwe pamene aponda.

"Limenelo musalikhudze. Popanda limenelo sindifika kubafa."

"Mudzakwawa," anatero mlongoyo. "Ena akugona pansi pa dothi, inu mukudandaula za kubafa."

Misomali inalira. Khoma linagumuka pang'ono, ndipo thabwa linagwa chafufumimba pasimenti. Kumbuyo kwake sikunali kopaka penti. Kunali kofiira.

Dalaivala anawerama ngati wamenyedwa m'mimba. Anayendetsa chala chachikulu pathabwapo, n'kuima pamene panali manambala a pensulo. Anawazindikira, chifukwa analemba ndi iyeyo. Mng'ono wake atakana, iye ndi amene anapita kuchipatala ndi chingwe m'thumba, n'kuyeza mlamu wake ali mtulo, kuyambira kumutu mpaka kuchidendene. Nambala imeneyo tsopano inali yokhwatchidwa ndi mizere iwiri yozama, pensulo inachita kuboola thabwa. M'munsi mwake munali nambala ina yaing'ono, ndi mawu awiri m'zilembo zopendekeka za malemu: chigongono chake.

Mlongoyo anatulutsa kiyi. Anapala kathabwa ka pampando wa pazenera, penti anatukuka, pansi pake pofiira. Anapala chopondera cha pakhomo, chimodzimodzi. Kubafa sanapiteko.

Musaganize kuti anthu aja anagwada n'kupepesa. Anthu sasintha msanga chomwecho, ine ndawaona. Dalaivala anadzuka nkhope ili thima.

"Chitsiru cha munthu," anatero. "Thabwa ngati ili n'kulipaka penti."

"Ndiye kuti chaka chonsechi mwakhala mukuponda bokosi limene akanagonamo mchimwene wanga," anatero mlongoyo.

Mayiyo sanamuyang'ane n'komwe. Anali atatsamira khoma lopanda kanthu, maso ali pa manambala awiri aja. Mkwiyo uja unasowa pogwira. Anaona mwamuna wake akucheka matabwawo iye asanatuluke n'komwe m'chipatala, madokotala akupukusabe mitu. Anaonanso chifukwa chake penti anali wokhuthala chotero.

"Inu ndi mng'ono wanu, nonse awiri munandiyeza, alamu," anatero. "Libwezereni pamene mwalichotsa."

Dalaivala anaika chitsulo pansi. Mlongo wake anamukoka malaya kuti azipita, nthawi yatha. Iye anamusasa, anatuluka, n'kubwera ndi nyundo, misomali ndi tepi yoyezera ya malemu, zomwe anali atakweza kale. Mabowo akale anali atagumuka, choncho anangolikweza thabwalo ndi diso, n'kuika msomali.

"Mwakwezetsa," anatero mayiyo. "Werengani ya m'munsiyo."

Analitsitsa, analitembenuza, anawerenga. Anakoka tepi kuchokera pansi, n'kulemba kukhoma ndi msomali. Anakhoma mwaukali, ngati khomalo linamulakwira. Atamaliza anaponya nyundo pansi, natuluka osatsanzika. Mlongoyo ali pakhomo anati nkhaniyi sinathe, koma analumpha chopondera chija osachiponda. Lole inapita ndi zida. Bedi linatsala chammbali pakanjira, ndipo za kumapeto kwa mwezi, akutero wogulitsa penti uja, palibe anazitchulanso.

Mayiyo anasendera pafupi. Ananyamula mkono wotupa uja ndi dzanja linalo, n'kuusanjika pathabwa. Chigongono chinakhala ndendende, phewa osakwera, osatsika. Anayenda mpaka kumapeto kwa kanjirako, n'kubwereranso.

Wogulitsa penti uja analumbira kuti zitini ziwiri za penti wabuluu uja zinachoka m'sitolo mwake, ndipo zinazo anamva kwa dalaivala mwini wake atalawa pang'ono. Za matabwa sinditsutsa. Chimene ndimakayika n'chakuti mayiyo sankadziwa. Munthu wakhala ndi kalipentala zaka makumi awiri, thabwa labwino amalidziwa ngakhale ndi chigongono. Ine ndikuganiza kuti ankadziwa, koma anangomusiya mwamuna wake kuti azipaka.