Chiphaso cha Suweta pa Tsiku la Chete

"Ababa, kodi sitima yanu nayo imakhala chete pa Nyepi?"

Anandifunsa choncho mwana wanga Tari ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ine ndikulongedza chikwama kubwerera kunyanja. Ndinamuyankha kuti sitima ilibe chipembedzo, iye n'kundiyang'ana ngati ndamuuza kuti sitimayo ilibe mayi. Pano ali ku sekondale. Koma chaka chimene ndikunenachi sitima yathu inafika pafupi ndi chilumba chathu cha Bali m'mawa wa Nyepi weniweni, tsiku limene timalowa chaka chatsopano tili chete, n'kuponya nangula kunja kwa doko la Benoa, chifukwa tsiku limenelo palibe cholowa kapena chotuluka pachilumba mpaka sikisi koloko m'mawa mwake.

Ndinali pa nsanjika ya khumi ndi chimodzi, pamene alendo amadyera kadzutsa, ndipo chilumba chinali apo, poyera. Phiri la Agung linkaoneka mbuu m'mitambo. Panalibe utsi, panalibe ndege, ngakhale bwato la msodzi. Kwathu ku Sukawati ndi ulendo wa ola limodzi pa njinga yamoto kuchokera padokopo. Ndinkatha kuloza ndi chala mbali yake.

M'thumba mwanga munali uthenga wa mng'ono wanga Rawit, umene unalowa kutatsala mphindi makumi awiri kuti adule intaneti ya m'mafoni pachilumba chonse: "Achimwene, amayi asiya kudya kuyambira dzana. Madzi okha, nawonso a pasupuni. Akumakutchulani. Ndikuzimitsa foni, akuti asamve kulira kwake m'nyumba mwawo pa Nyepi. Mawa."

Ndinaimba kasanu ndi kawiri ndisanayambe ntchito. Yake, ya mkazi wanga, ya mlamu wanga. Zonse zii.

Mawa lakelo sitima inkakocheza padoko kuyambira seveni koloko mpaka folo koloko madzulo. Ife a ku Bali a mbali ya zakudya tinalipo makumi atatu ndi anayi, ndipo ololedwa kutsika anali asanu ndi mmodzi basi, chifukwa alendo samasiya kudya kaamba koti woperekera zakudya wafika kwawo. Sabata yathayo tinachita maere m'kandowa ka ayezi. Ine ndinatola kapepala kopanda kanthu, ndipo sindinadandaule: amayi anali bwino, kontirakiti yanga inatsala miyezi iwiri. Amene anatola kapepala kolembedwa anali Suweta.

Nyumba ya Suweta ndi yathu zinalekanitsidwa ndi khoma limodzi. Tinakulira limodzi, ndipo ndine ndinamuphunzitsa kunyamula thireyi ya mbale khumi ndi ziwiri paphewa. Koma panali patatha zaka zitatu tisakulankhulana. Kwathu timati puik: anthu akayambana, satukwanana, amangosiya kuonana ndi pakamwa. Chinayambitsa ndi mtengo wa mango umene bambo ake anabzala, womwe nthambi zake zinkagwetsera zowola pa kachisi wa makolo athu. Ndinaudula nthambizo iye ali kunyanja, osapempha, ndipo mtengowo unauma. Pasitima tinkadutsana m'makonde opapatiza, wina n'kupendeka phewa, ngati akupewa chitseko.

Anthu ena asanu aja ndinawayendera onse isanakwane naini koloko. Wina anali ndi ukwati wa mchemwali wake, wina anangoti, "Pepani achimwene, mkazi wanga wapha kale bakha." Sindinawaimbe mlandu. Munthu wakhala miyezi isanu ndi iwiri m'kachipinda kopanda zenera.

Ntchito inandikana m'mawa umenewo. Ndinathira khofi m'kapu ya tiyi. Gogo wina wachizungu anandifunsa katatu za mazira ake, ine maso ali pazenera. Kapitawo wathu anandikokera kuseri kwa makina a juwisi.

"Artana, mutu wausiya kuti? Ndipo thuu koloko nonse a ku Bali mukhale kudziwe losambira, mutavala mipango yanu yakumutu. Mukanyamula chidole."

Chidolecho chinali ogoh-ogoh, chiwanda cha mapepala cha mano ngati nyanga, chimene a zamasangalalo anakhala akuchimanga sabata yonse. Kwathu timachizungulitsa m'mudzi dzulo lake la Nyepi, ndi ng'oma ndi miuni, kuti zoipa zonse zidzuke zithawe. Kukacha timati zii, osayatsa moto, osagwira ntchito, osayenda, kuti zikabwerera zipeze ngati pachilumba palibe munthu, zipitirire. Mayi wa zamasangalalo anawerenga zimenezi ndipo cholinga chake chinali chabwino. Kungoti dzulo lake kunali mphepo yamkuntho, ndiye anangosuntha chikondwererocho ndi tsiku limodzi, monga amasunthira mpikisano wa magule.

Nthawi ya nkhomaliro ndinatsikira kodyera antchito, ngakhale sindinkafuna kudya. Darsono, wophika wa ku Java amene pakamwa pake sipatseka, anandiona ndikuyenda uku ndi uku pakati pa matebulo.

"Akulu, khalani pansi, mukutichititsa chizungulire kuposa mafunde. Ndamva lero mukuitana ziwanda zonse za kwanu zibwere kuno. Zachita mwayi, chakudya n'chaulere, dziwe lilipo."

"Sindikuseka lero, Darsono."

"Ndaona, ndipo za amayi anu ndamva. Nanga mnzanu wa khoma limodzi uja mwamufunsa?"

"Ukudziwa kuti sitilankhulana."

"Inu anthu a ku Bali! Kukwiya kwanu n'kukhala chete, kupemphera kwanu n'kukhala chete. Munthu angadziwe bwanji ngati mwakwiya kapena mukupemphera?" Anandikankhira mbale ya mpunga. "Ndipo lero mnzanuyo ndiye wawonjeza. Wapempha kuti amuike kopukuta matambula, asaonane ndi mlendo. Sakudya, sakumwa, sakulankhula ndi aliyense mpaka mawa. Ndamufunsa ngati akufuna tiyi, wangondigwedezera mutu ngati ng'ombe."

"Ali ndi mwana amene sanamuonepo," ndinatero. "Wabadwa iye ali kale kuno. Adikira zaka khumi ndi chimodzi kuti apeze mwana ameneyo."

"Ndiye mwamuyankhira kale? Mufunseni akane yekha. Pakamwa n'panu, manyazi n'anu, koma mayi ndi mmodzi."

Ndinapitadi kopukuta matambula. Ndinaima pakhomo. Suweta anali atandifulatira, akukweza tambula kuigetsi, kuipukuta, kuiika m'thireyi, kutenga ina. Ndinaima pamenepo mpaka matambula khumi ndi anayi. Kenako ndinabwerera, n'kukwera masitepe mpaka pamwamba, n'kuyesanso foni ya Rawit, n'kutsikanso. Ofesi ya antchito, kumene amapereka ziphaso zotsikira, inkatseka folo koloko. Wotchi ya pakhonde inkati kota tu thuu.

Kudziwe kunali kutadzaza. Alendo anavala maluwa m'khosi, ana atapakidwa nkhope, zakumwa zili ndi timaambulera. Zokuzira mawu zinkaimba nyimbo za kwathu mokweza mwakuti zitsulo za m'mbali zinkanjenjemera. Chiwandacho anachikhazika pa mapaipi anayi m'malo mwa nsungwi. Anatindandalika potengera msinkhu, ndipo poti ine ndi Suweta ndife ofanana kuyambira tili ana, anatiika pa paipi imodzi, phewa ndi phewa.

Tinanyamula. Anyamata a ng'oma anayamba, alendo n'kukuwa, ife n'kuyamba kuthamanga mozungulira dziwe, kuchigwedeza chiwandacho uku ndi uku monga timachitira pamphambano. Tikakhota mbali ya kumanzere chilumba chinkabwera m'maso, chili duu. Ena mwa anzathu ankayang'ana pansi. Mnyamata wa ku Karangasem amene anali kutsogolo kwanga ankang'ung'udza pemphero pakati pa kukuwako.

Mwina ndi phokosolo limene linandimasula. M'chete sindikanatha. Pozungulira kachiwiri ndinalankhula, maso ali kutsogolo.

"Suweta. Amayi asiya kudya."

Paipi inagwedera pang'ono paphewa langa.

"Rawit walemba m'mawa. Akuti akumanditchula. Ndikudziwa za mwana wako. Ndikudziwanso zimene ndinachita. Sindikuti ndili ndi ufulu wopempha, ndikungopempha."

Tinazungulira kachitatu, kachinayi. Mlendo wina wonenepa analumphira m'dziwe ndi malaya omwe, madzi n'kutithira tonse. Titatsitsa chiwandacho, alendo anatiunjirira kufuna zithunzi, ndipo ndinamwetulira pa zithunzi mwina makumi atatu, dzanja la munthu wosamudziwa lili paphewa. Nditamasuka, Suweta kunalibe.

Ndinamupeza pa masitepe a antchito, atavula mpango wakumutu, akuupinda. Anandigwira mkono wa malaya, osati dzanja, n'kuyamba kutsika. Nsanjika khumi tinatsika choncho, iye patsogolo, nsapato zathu zonyowa zikulira pazitsulo.

Mu ofesi munali Mayi Perlita, wa ku Philippines, amene wakhala pasitima zaka zambiri kuposa akapitawo onse. Suweta anapita pakhoma pamene panali mndandanda wa otsika mawa, analoza dzina lake, kenako analoza ine.

"Ndiye chiyani?" anatero mayiyo, magalasi ali pamphuno. "Ine si wolosera, bambo. Nenani."

Suweta analozanso.

"Ali pa lumbiro la chete, mayi," ndinatero. "Akuti..."

"Iwe usamunenere. Chiphaso n'chake. Mawa adzabwera pano akulira kuti unamukakamiza, ine ndidzati chiyani? Ndimve pakamwa pake."

Suweta anayang'ana wotchi, anayang'ana pansi. Anali atasunga chete kuyambira sikisi koloko, ndipo ndikumudziwa, sanaphonyepo chaka n'chimodzi chomwe. Anakhosomola, mawu n'kutuluka okhakhala.

"Chiphaso changa mumupatse Artana. Mayi ake akudwala."

Mayi Perlita anavula magalasi. Anatiyang'ana, ndipo ndinadziwa asanalankhule.

"Ana anga, mwachedwa. Maina ndinatumiza kudoko Lachiwiri, chifukwa anatiuza kuti atseka. Ziphaso zadindidwa kale, chilichonse ndi chithunzi cha mwini wake. Kuti ndisinthe, pafunika munthu kumtunda ayankhe, asaine. Ndani ayankhe lero? Inu nomwe mukudziwa bwino kuposa ine. Chilumba chanu chonse chazimitsa."

"Nanga mawa m'mawa?"

"Ndilemba pompano, ndipo seveni koloko ndidzakhala woyamba pamlatho wotsikira. Koma zimatenga tsiku lathunthu, ndipo ife folo koloko tanyamuka. Sindikufuna ugone ndi chiyembekezo chimene ine ndilibe."

Tinatuluka. M'khonde lalitali la pansi, limene antchito amadutsamo ndi ngolo za nsalu, phokoso la kudziwe linkamveka ngati mtima wa chinthu chachikulu. Miyendo yanga inkafuna kuyenda, koma kunalibe kopita. Ndinatsamira khoma.

"Waswa lumbiro lako pachabe," ndinatero.

"Laswekeratu, ndiye ndilankhule zonse." Anatsamira khoma la kutsidya, ngolo ya matawulo n'kudutsa pakati pathu. "Wakalamba, iwe. Imvi zonsezo zachokera kuti?"

"Umandiona tsiku lililonse."

"Ndimaona phewa lako." Anapukuta kumaso ndi mpango uja. "Amayi ako, Amayi Rinten, anandiyamwitsa ine miyezi iwiri, mayi anga ali m'chipatala. Unkadziwa?"

"Amanena kawirikawiri. Amati unkaluma."

Anaseka pang'ono, kenako anasiya.

"Tamvera. Mlamu wanga adzandidikira pageti la doko ndi njinga yamoto. Ikamakwana hafu eyiti ndili ku Sukawati. Sindidzalowa kwathu. Ndidzayamba kwanu."

"Mkazi wako adzakhala ali pakhomo ndi mwana m'manja."

"Adikira miyezi inayi, ola limodzi silimupha. Ndipo akhoza kubwera naye konko, khoma ndi limodzi. Iwe pempha kapitawo akuike kopukuta matambula mawa, foni ikhale m'thumba, yodzaza moto. Ndikafika ndidzaimba, ndidzaiika pakhutu pawo, ulankhule mpaka mawu akuthere. Ndidzaigwira ine."

Panali funso lina, ndipo linakana kutuluka. Iye analiona.

"Ndikakapeza zachitika kale," anatero motsitsa mawu, "ndidzakuuza ine, osati uthenga wolemba. Ndipo powasambitsa ndidzaima pamalo pako, kumutu. Ndidzawauza kuti uli pafupi, pamadzi pomwepa, unayesetsa."

"Ukulonjeza?"

"Ndalonjeza. Phazi langa silidzaponda pakhomo panga ndisanaone amayi."