Kabuku ka Kusikelo

Mwezi wachisanu wa mankhwala a TB unatha chitini cha makhololo chikadali pansi pa bedi. Mkazi wa woimba lipenga ankachikhuthula m'mawa uliwonse atagwira pamphuno: zolenda, zosakanikirana ndi magazi, fungo ngati la nyama yogonera m'beseni. Iyetu anakwatiwa ndi nyimbo, mwamuna amene akaliza lipenga paukwati atsikana ankaiwala nsapato pabwalo. Tsopano lipengalo linali pakhoma, mphemvu zitapezamo nyumba.

Kuchipatala chachikulu anamulowetsa mwamunayo kapaipi ka kamera kukhosi. Atatha, dokotala anawatembenuzira kompyuta. M'njira za mpweya munali zigamba zofiirira, zotupa ngati chipatso chovunda.

"Si TB iyi," anatero dokotala. "Ndi khansa imene imabwera chitetezo cha m'thupi chikatha. Kawirikawiri imaonekera pakhungu, koma lanu lili see, n'chifukwa chake inatizemba. HIV munayezetsa liti, bambo?"

"Tinayezetsa," anayankha mwabefu. "Amake mwana, aonetseni."

Mkazi anatulutsa kabuku kake ka kusikelo, kopindika m'makona, kosonyeza kuti iye alibe kachilombo. Anali atakaonetsa kale kwa anamwino atatu, monyadira, ndipo onse, poona kutalika kwa mzere, anangogwedeza mutu.

"Aka n'ka mayiwa. Nanga kanu?"

"Adokotala, ife timafunda bulangete limodzi. Akakhala bwino iwowa, ndili bwino ine. Kubayidwa awiri kwachiyani?"

Mawu omwewa mwamunayo anamuuza mkaziyo ali ndi pakati, atamugwira m'chiuno pachipata cha sikelo, ndipo iye anakawalemba kuseri kwa kope ngati ndakatulo. Koma lero anawamva mwina. Bambo wandevu zake kubisala kuseri kwa mimba ya mkazi! Nayenso, chitsiru cha chikondi, kumamunyamulira chobisaliracho m'chikwama miyezi yonseyi.

"Perekani chala," anatero mkaziyo.

"Akandipeza nako ndifa ndi maganizo, switi."

"Switi wa ndani? Mwana akuyamwa kunyumba uko. Mukufuna ndizimuyamwitsa mantha anu?"

Namwino analowa ndi kasingano. Mwamuna anabisa manja m'khwapa, maso pansi, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Mkaziyo anakoka dzanja limodzi. Linali lozizira, lonyowa ndi thukuta, ndipo thupi lake lonse linanyansidwa, koma sanalisiye. Anafunyulula zala chimodzichimodzi.

"Bayani apa, anamwino. Mukatha mubaye changa. Mwana ndikukamutenga pompano."